Manachesi pamphasa ya apongozi

Ndinalowa chikamwini ndikudziwa bwinobwino chimene ndinkachita, choncho sindinamizira munthu. Kwathu ndi ku Dowa. Boma linanditumiza kukaphunzitsa sayansi pasukulu ina ya sekondale kufupi ndi Neno Boma, masiku amene Neno inali idakali pansi pa Mwanza, ndipo mtsikana amene anandidya mtima anali wa mudzi wina wa m'mapiri, ulendo wa ola limodzi panjinga. Ndinamanga kanyumba kanga kuseri kwa nyumba ya amayi ake, n'kukhala mkamwini wovala tayi.

Malamulo ake anandiuza tsiku loyamba. Apongozi aakazi sukhala nawo mphasa imodzi, suwayang'ana kumaso, sulowa m'nyumba mwawo. Mukakumana panjira, mmodzi apatukire m'udzu. Ukakhala ndi mawu, upatse mkazi wako akatule. Pali kamwambo kamene amachita kuti mkamwini ndi apongozi amasukirane, koma mwini mbumba, amalume a akazi anga, ankangoti tidzaona chaka chamawa. Zaka zitatu zinatha. Mawu a apongozi ndinkawadziwa kudzera m'chipupa, ndipo msana wawo ndinkaudziwa kuposa nkhope. Sindinkadandaula. Anali mayi wamasiye wolimba ntchito, ndipo mbatata yabwino pamunda ankayisungira ine.

Chaka chachiwiri chitatha chisankho cha matipate, mvula ili pakati, anadzitema ndi khasu kumunda, m'munsi mwa bondo. Sichinali chilonda choopsa. Kuchipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwathu anachitsuka, n'kuchimanga, ndipo tonse tinati milungu iwiri chipola. Koma amalume anabwera ndi malamulo awo a chilonda, amene mudzi wonse unkawadziwa ndi kuwakhulupirira. Munthu wa chilonda asadye chowawasa, chifukwa chowawasa chimatha magazi. Asadye tomato, asadye ndiwo zamasamba zaziwisi, asadye chipatso chamadzi, chifukwa zamadzi zimachititsa chilonda kuchucha. Chotsala chinali phala, mfutso wothira chidulo wophika mpaka kusungunuka, ndi tinsomba touma apo ndi apo. Mango anali atatha kale. Apongozi anamvera mlongo wawo monga mmene ankamumverera moyo wawo wonse.

Mvula inatha, chimanga chinauma, chilonda chili kukamwa yasa. Akazi anga ndi amene ankandibweretsera nkhani, poti ine maso anga sankaloledwa kumeneko. Anati amayi akungotopa osagwira ntchito. Kenako anati m'miyendo mwatuluka timadontho takuda. Kenako anati nkhama zatupa, supuni ikutuluka m'kamwa ili ndi magazi, moti ngakhale mfutso akuukana, akungomwa phala. Adokotala a kuchipatala chija ananena poyera kuti chilondacho chikapanda kusonyeza kupola, alemba kalata yowatumiza kuchipatala chachikulu, ndipo kumeneko mwina mwendo sabwera nawo. Za chakudya anafunsa ndithu, koma odwala anayankha kuti akudya bwino, ali chophimbire pakamwa ndi chitenje. Kwa iwo phala katatu patsiku kunali kudya bwino.

Chimene chinanditsegula mutu ndi chipsera. Madzulo ena akazi anga, akutsuka mbale, anati, "Abambo, zinazi n'zodabwitsa. Chipsera chija amayi anapsa ndi moto ine ndili wakhanda, chayamba kung'ambika chokha. Palibe chawakhudza."

Ndinasiya makope amene ndinkachonga n'kukafukula buku langa la kukoleji pansi pa sutikesi. Zimene ndinkafuna ndinazipeza, ndipo ndinadzikwiyira chifukwa ndinali nditaziphunzira kale, n'kulembapo mayeso, n'kukhoza.

Nkhani yake ndi iyi. Thupi limamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo maselowo amapanga mapuloteni. Ana asukulu timawaphunzitsa mpaka pomwepo, ngati kuti puloteni ikangopangidwa ntchito yatha. Ayi ndithu. Imatuluka ili kaulusi chabe, kosathandiza kanthu. Selo imayenera kuikonza kaye: kuipinda, kuimata tizinthu tina, kuidula penapake, kenako n'kusankha kumene ipite. Puloteni imene imagwira khungu, nkhama ndi mitsempha ya magazi kuti zisaphwasuke imatchedwa kolajeni. Kaulusi kake kakangopangidwa kamalowa m'tinjira topindikapindika ta mkati mwa selo. Mmenemo muli mapuloteni ena antchito, amene amamata tizidutswa ta okosijeni ndi haidirojeni pamalo ena a kaulusiko, n'kuwonjezeraponso tishuga. Zikatero, tiulusi titatu timapotana n'kugwirana zolimba ngati chingwe cha khonje. Chingwecho chimakutidwa m'kathumba, n'kupita ku timatumba tina tosanjikizana kumene selo imasankhula katundu wake: uyu akhale mkati, uyu apite kukhoma la selo, uyu atuluke kunja. Kolajeni ndi wotuluka kunja. Akatuluka, nsonga zake zimadulidwa, zingwezo n'kulumikizana zambirimbiri mpaka chilonda kutsekeka.

Tsono antchito omata aja sagwira ntchito nthawi yaitali popanda vitamini C. Akaima, tiulusi timapangidwabe, koma tikapotana sitigwirana. Tambiri selo imatikaniza kutuluka n'kutiphwanya yokha, ndipo tochepa totulukato timakhala tofooka. Chilonda chatsopano sichitseka. Chakale chimatseguka, poti thupi limakhala likusintha kolajeni wakale nthawi zonse ndipo wolowa m'malo akusowa. Mitsempha imadontha, mano amagwedezeka. Vitamini ameneyu thupi la munthu silipanga lokha, ndipo kuyanika masamba, kuthira chidulo ndi kuphikitsa kumamuwononga. Amapezeka wambiri mu zinthu zomwe zija amalume analetsa.

Ndinatuluka panja ndi bukulo m'manja. Inali nyengo ya manachesi. Kuseri kwa nyumba ya apongozi kunali mitengo isanu ndi iwiri imene malemu amuna awo anadzala, nthambi zitalemera mpaka kuzichirikiza ndi mitengo ya mphanda. Ena ankagwa okha n'kuwolera pansi, nkhuku zikujompha. Mayi ankavunda mwendo ali gone pamtunda wa mapazi khumi kuchokera ku mankhwala ake. Ndinaseka, koma sikunali kuseka kwabwino.

Ndinayamba ndi njira yaulemu. Ndinawafotokozera akazi anga, iwo n'kutenga manachesi awiri kupita nawo kwa amayi awo. Anabwerera nawo onse awiri. Odwala anati, "Ukufuna kundimalizitsa timagazi tatsalati?" Akazi anganso mtima unali pawiri. Anandiuza kuti, "Inu ndinu mlendo, zikavuta mukwera njinga. Ine amayi akamwalira atadya chochokera m'manja mwanga, mudzi uno ndikhalamo bwanji?" Ankanena zoona.

Ndiye ndinapita kwa amalume. Ndinawapeza pabwalo akuyang'anira kusankhula manachesi, poti lole ya ogula ochokera ku Blantyre inkabwera mawa lake. Akuluakulu osalala ankapita pamulu wa lole, ang'onoang'ono pamulu wa pamsika wa pa Boma, obooka ndi ophwanyika kudzala. Ndinanjuta, n'kukhala pansi monga mkamwini, n'kuyamba kufotokoza. Ndinati ngakhale thupi limasankhula chonchi, ndipo zingwe za m'thupi mwa amayi zikuthera kudzala chifukwa zikutuluka zosamalizika. Ndinkaona ngati ndalankhula zanzeru kwambiri.

Amalume anandimvetsera mpaka kumapeto, akupukuta nachesi pamalaya. Anali munthu wodekha, wa mpingo, wosakweza mawu, ndipo mlongo wawo ankamukonda zenizeni. Zimenezi ndiye zinkandipweteka kwambiri.

"Mwatha, aphunzitsi?"

"Ndatha, amalume."

"Timaselo tanuto munationa ndi maso?"

"Ndinationa pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono, kukoleji."

"Ine chimene ndinaona ndi maso ndi anthu amene anapola posala zowawasa. Agogo a akazi anu anapola, ine ndinapola, onani apa." Anakwinya buluku kundionetsa chipsera. "Masiku ano aliyense akuti ufulu, ufulu. Mwana ufulu, mbuzi ufulu. Demokalase yanuyo muziisiya ku Boma komweko pamodzi ndi choko. Kuno wodwalayu ndi mlongo wanga. Paja amati mkamwini asamakule mwendo, eti?"

Azimayi amene ankasankhula manachesiwo anaweramitsa mitu, mapewa akugwedezeka. Ndinafuna kuwauza kuti iwo anasala milungu iwiri pomwe mlongo wawo wasala miyezi inayi. Koma ndinangonjutanso, n'kuchoka.

Apa ndiye pali manyazi anga. Ndinakhala chete milungu isanu. Ndinkadzuka, kumanga tayi, kupalasa njinga kukaphunzitsa ana a eni za maselo, n'kubwera kudzadutsa pansi pa mitengo ija nditazolika. Ndinkadziuza kuti mwina ndalakwitsa, kuti ine si dokotala, kuti amalume afewa okha. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa kusekedwanso, ndipo dzina la mkamwini waulemu linkandikomera. M'milungu imeneyo dzino loyamba linagwa. Dzino lachiwiri linatsalira mu phala. Dzino lachitatu akazi anga anabwera nalo atalikulunga m'kansalu, n'kuliika patebulo pamwamba pa makope anga. Linali lathunthu, loyera, lopanda chibowo ngakhale chimodzi.

Mawa lake sindinapite kusukulu. Ndinapita kwa adokotala aja n'kuwauza zonse: phala, mfutso, nkhama, chipsera, mano. Anagwira pakamwa. Anati zimenezi palibe anawauzapo, ndipo m'dera la zipatso ngati lino sakanaziganizira msanga. Anati odwalawo tibwere nawo awaonenso m'kamwa, koma chakudya chisadikire tsiku limenelo. Ndinafunsa ngati angalembe kakalata koti ndikaonetse amalume. Analemba, n'kudindapo chidindo. Amalume anakawerenga, n'kukapinda bwinobwino, n'kunena kuti adokotalawo ndi mwana wa dzana, wobwera ngati ine ndemwe.

Linali Loweruka, dzuwa lili paliwombo. Ndinathyola manachesi asanu anthu akuona, ndinatenga kapu, madzi owiritsa ndi kachingwe ka khonje komangira mbuzi. Akazi anga anandiona ndikulunjika kukhomo la amayi awo ndipo anaimirira, mtondo uli pakati pa miyendo.

"Abambo, mukupita kuti?"

"Kwa amayi."

"Ndipatseni mawuwo ndikatule."

"Mawu anga akhala akufera m'njira. Lero ndikatula ndekha."

Ndinaodira kamodzi, ndipo sindinadikire kuyankhidwa. Mkati munali fungo limene sindidzaliiwala. Apongozi anali gone pamphasa, ndipo atazindikira kuti walowayo ndine, anakoka chitenje kumutu n'kutembenukira kuchipupa. Ndinakhala pansi pamphasa yomweyo.

"Amayi, ndine mkamwini wanu. Ndalakwa kulowa, ndikudziwa, ndipo sindituluka."

Mawu anatuluka m'chitenje, olunjika kuchipupa. "Kodi mwana wanga ali kuti? Awauze abambowa kuti alowa nyumba yolakwika."

"Sindinasochere, amayi. Tambasulani dzanja."

Sanatambasule, ndiye ndinaika kachingwe kaja pafupi ndi zala zawo. Ndinawapempha kuti akakoke. Patapita nthawi anakagwira. Ndinamasula nsonga ina, tiulusi take titatu n'kubalalika, ndipo ndinawapatsa kamodzi. Anakakoka, kanaduka. Khonje ankamudziwa kuposa ine, anapota zingwe moyo wawo wonse. Ndinawauza kuti thupi lawo silinaleke kugwira ntchito, likupota usana ndi usiku kuti litseke chilondacho, koma pali kanthu kamodzi kamene kamachititsa ulusi kugwirana, ndipo kanthuko kanatha m'thupi mwawo miyezi yapitayo. Ndinati kali mu nachesi, mu tomato, mu masamba osaphikitsa. Za maselo sindinatchule n'komwe. Ndinali nditaphunzirapo kanthu pabwalo paja.

"Ndiye mukuti achimwene akundipha?"

"Ayi, amayi. Akukukondani, koma alakwitsa."

"Nanga mukalakwitsa ndinu?"

"Ndikalakwitsa ine, andipirikitse ngati galu, ndipo adzakhala atachita bwino. Koma mukapitiriza phala lokhali, mwezi uno sutha, akulemberani kalata. Mwendowu akadula."

Panja panali patadzaza anthu. Ndinkamva mapazi ndi manong'onong'o, ndipo wina anali atathamanga kale kukaitana amalume. Apongozi anapuma mozama. Anatsitsa chitenje mpaka pachibwano, maso ali kuchipupabe, ndipo kanali koyamba kuona nkhope yawo pafupi chotero. Milomo inali ndi magazi ouma.

"Aliyense akubwera muno ndi malamulo," anatero. "Usiku ndimabuula ndekha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Finyani."

Ndinafinya awiri m'kapu, n'kuthirako madzi kuti asalume kwambiri. Analumabe. Misozi inatsika pamene madziwo anakhudza nkhama, koma anamwa mpaka kutha, n'kubweza kapu cham'mbali osandiyang'ana. Amalume atafika pakhomo anapeza makoko ali pamphasa.

Mlandu unakambidwa madzulo omwewo pansi pa mitengo ya manachesi yomweyo. Sunali wa chowawasa wokha. Waukulu unali wakuti mkamwini walowa m'nyumba ya apongozi, wakhala pamphasa yawo, waona nkhope ndi mwendo wawo. Azimayi ena akuluakulu ankalankhula ngati ndawavula iwowo. Amalume anati nkhaniyi itha mosavuta: ndipepese pamaso pa mbumba, ndilonjeze kuti sindidzapondanso pakhomopo, basi.

Ndinaimirira, chimene mkamwini sachita pamaso pa eni mudzi. Ndinati mwambo ndauphwanya ndithu, sindikukana, ndipo mawa ndiuphwanyanso nthawi ngati yomweyi. Ndinati anthu akhala akulowa m'nyumbamo miyezi isanu ndi pepani, pepani, koma pepani sapoletsa chilonda. Amalume anati ngati ndi choncho ndimange katundu wanga. Ndinayankha kuti ndimanga tsiku limene chilondacho chitseke kapena tsiku limene tidzaike maliro, koma osati pakati pakepo. Ndikukhulupirira kuti ena anaona ngati ndilira. Ndinali pafupi.

M'mawa mwake ndinapeza akazi anga atathyola kale manachesi, atawatsuka, kapu ili pambali. Anati, "Tiyeni tipitire limodzi. Akapirikitsa, apirikitse awiri."

Mudzi unatisala. Moni wanga ankagwera pansi. Kutchalitchi benchi imene ndinkakhala inkatsala ndi malo ambiri, ine amene kale ankandipempha kuwerenga mawu. Sindinasiye. Ndikaweruka ndinkatsamiritsa njinga pachipupa cha apongozi dala, kuti aliyense wodutsa adziwe kuti ndili mkati. Tinawonjezera tomato wosenda, kenako mpiru wa kudimba wongofutsa pang'ono wopanda chidulo. Kuchipatala tinkapita nawo panjinga kukatsukitsa chilonda monga kale.

Mlungu woyamba usanathe, supuni inayamba kutuluka yoyera. Mlungu wachiwiri anadzuka okha kukakhala pakhonde. Timadontho tija tinazilala, chipsera chakale chinauma. Chilonda chachikulu chinachedwa, koma m'mphepete mwake munayamba kufiira bwino, mnofu watsopano ukukwera pang'onopang'ono kuchokera pansi. Ndinkachiyang'ana tsiku lililonse, ine amene sindinkaloledwa kuona ngakhale chidendene chawo, ndipo ndinkadziwa chimene chikuchitika mmenemo: tiulusi tikumatidwa, tikupotana, tikutumizidwa kunja, tikugwira. Palibe phunziro limene linandikomerapo ngati limenelo. Pamene manachesi ankatha m'mitengo, adokotala anachotsa bandeji komaliza, ndipo kalata ija sinalembedwe.

Amalume sanabwerenso ndi nkhani ya katundu wanga. Sanavomerenso kuti analakwitsa. Ankauza anthu kuti chilonda chilichonse chili ndi nthawi yake, ndipo ichi nthawi yake inangokwana. Ndinawasiya. Mpaka imfa yawo tinkapatsana moni wa pakamwa pokha, ndipo kamwambo komasukirana kaja sikanachitike. Panalibenso chomasula. Apongozi ankandiitana okha pakhonde, kundituma, kundikalipira ndikachedwa, ndi kundiseka kuti aphunzitsi a sayansi satha kupota chingwe.

Anthu akamva nkhaniyi amafuna ndinene kuti ndimanyadira tsiku limene ndinalowa m'nyumba muja. Kulowako sindinapepesepo ndipo sindidzapepesa. Koma apongozi anakhala zaka zambiri pambuyo pake, akuyenda ndi miyendo yawo iwiri kumunda ndi kutchalitchi, ndipo anali munthu woseka kwambiri. Akaseka, kutsogolo kunkaoneka mpata wa mano atatu. Chimanga chootcha ankachita kuchikonola ndi zala, mzimbe ankangoupatsa adzukulu. Iwo ankati anawachotsa ndi matenda, ndipo ena ankati anawachotsa ndi malamulo a amalume. Ine ndimadziwa kuti pamene ndinatsegula buku lija, onse atatu anali adakali m'kamwa. Anagwa m'milungu isanu imene ndinali mkamwini waulemu.